Amene Anaba Mayina a Osauka

Wapolisi anandipeza ndikupala utoto wakale pakhonde la nyumba ya malemu mayi anga. Anaimika galimoto kumsewu, n'kuyenda wapansi mpaka pamasitepe, chipewa chili m'manja. Pomwepo ndinadziwa kuti si mwana wa kuno. Wa ku Saint-Odilon amazungulira kuseri, amakankha chitseko cha kukhitchini, odi amamunena atakhala kale pampando.

"Mayi Corriveau? Dzina langa ndine Kimball. Ndamva kuti munagwirapo ntchito yofufuza zakuba ku kampani ya inshuwalansi."

"Ndinapuma, bambo."

"Ndikudziwa. Koma anthu akuno sakundiuza kanthu. Ndikafunsa funso amayang'anizana, kenako n'kuyamba Chifalansa."

"Inenso sandiuza kanthu," ndinamuyankha. "Kusiyana kwathu n'koti ine ndimamva akamandinena."

Ndinachoka kuno ndili mtsikana, pabasi yopita ku Connecticut, monga anachitira theka la anzanga a m'kalasi. Ena ankabwerako chilimwe chilichonse ndi magalimoto obwereka, kudzaonetsa kuti zikuyenda. Ine sindinkabwera. Ndinakalambira m'maofesi ndikununkhiza mabodza a anthu owotcha okha masitolo awo, ndikaweruka n'kumawerenga mabuku a anthu omwe ankalira kwawo mwaluso kuposa ine. Nditabwerako chaka chino ndinapeza kuti kwathu kuja kunasamuka osanditsanzika. Fakitale ya matabwa yatsala chigoba. Pomwe panali sitolo ya nsapato pamera mitengo. M'tchalitchi mabenchi achuluka kuposa mitu. Zomwe zikupumabe ndi ziwiri, sukulu ndi mbatatesi.

"Mwabwerera katoni ya mafomu a kusukulu ija," ndinatero.

"Yomweyo, mayi."

Boma silingayende m'makomo kuvundukula mapoto, ndiye umphawi wa ana limauyezera kukhitchini ya sukulu. Kholo lopeza zochepa limalemba fomu, mwana amadya chamasana chaulere, ndipo kuchuluka kwa mafomuwo ndiko kumauza akuluakulu a ku likulu kuti sukulu iyi ndi ya osauka, ipatsidwe ndalama zoonjezera. Mafomu akachepa, ndalama zimauma. Zikauma, sukulu yathu itsekedwa, ana azikwera basi kusanache kupita ku tauni ina. Papepala ndi nzeru yabwino. Anangoiwala kuti kuli anthu ena omwe amalolera kugonera madzi otentha kusiyana ndi kuika dzina lawo pamzere wa opempha.

Mafomu a chaka chino anali m'katoni, m'kachipinda ka kukhitchini ya sukulu. Sukuluyo inali yotseka, monga imachitira chaka chilichonse nthawi yokumba mbatatesi, kuti ana akathandize m'minda. Loweruka katoni inalipo. Lolemba m'mawa ahedi atapita kukaitenga anapeza fumbi lokha.

"Palibe chitseko chothyoledwa, palibe zenera losweka," anatero Kimball. "Makiyi alipo atatu. Ahedi anali ku ukwati ku Portland, zithunzi ndaziona. A Lagassé, osamalira pasukulu, anali kuchipatala kudikirira akazi awo kuyambira Loweruka madzulo, manesi avomereza. Atsala ophika, Mayi Odette Bossé. Pamsonkhano wa makolo ananena pagulu kuti mapepalawo ndi ofunika kuwotcha. Ndawafunsa komwe anali Lamulungu, akuti ndikafunse agogo anga. Lachisanu ndikupereka dzina lawo kwa woimira boma pamilandu. Akangoimbidwa mlandu, ntchito yatha, penshoni yapita."

Odette. Tinkakhala benchi imodzi kuyambira kalasi yoyamba. Chibwerereni anali atandipatsa moni kawiri, konse kuwiri ndi chibwano.

Ndinaika chopalira pansi. Ndinalinso ndi kachifukwa kanga. Ahedi anali atandipempha kuti Lolemba lomwelo ndikawathandize kuwerenga mafomuwo. Linali pempho loyamba kulandira kwa munthu aliyense m'tauni muno, moti patatsala mlungu kuti katoni isowe ndinakalengeza patebulo kwa achimwene anga a Armand, komwe ndimadya Lamulungu lililonse, ngati ndapatsidwa unduna. Wakubayo anali atandibera ntchito yanga yokhayo.

* * *

Mayi Whitcomb, ahedi, anabwera chaka chatha kuchokera kummwera. Ndi munthu woyankhula ataimirira, manja akusanja zinthu zosanjika kale.

"Ndinachita kugogoda khomo ndi khomo, Mayi Corriveau. Ana akubwera m'mawa milomo ili mbuu, koma mafomu osabwera. Ndinakhala m'makhitchini mwa anthu mpaka khofi kundikola. Abambo akuluakulu ankasaina atayang'ana kumbali ngati akubayidwa jakisoni. Ena kanali koyamba chibadwire. Fomu iliyonse ndinkaimata ndekha mu envelopu yoyera, yopanda dzina kunja, iwo akuona. Chaka chino tikanakwanitsa, ndikukuuzani."

"Nanga Odette anakwiyiranji?"

"Akuti ndinalakwitsa nyengo. Ndinagawa mafomu kukumba kutayamba. Funso limafuna kudziwa zomwe munthu amapeza, ndiye anthu ano, pokhala oopa bodza ngati moto, ambiri analemba za mwezi wokumba, mwezi umodzi wokha pachaka womwe m'thumba mumalira kanthu. Ena akuoneka olemera papepala pomwe Febuluwale amasonkhezera mipando. Ndinati tikonza, lamulo limalola kuwerengera chaka chonse. Iwo anaimirira n'kunena kuti awotchedwe, tiyambirenso chisanu chikagwa."

"Ndiye mukuti anawotchadi."

"Sindikuti kanthu. Mayi aja ndimawakonda. Koma chiwerengero chikufunika ku likulu mwezi uno usanathe, ndipo anthu aja sangasainenso kachiwiri. Ndinawalonjeza kuti palibe munthu wakuno amene adzaone mayina awo."

"Koma munapempha ine kuti ndiwerenge."

Anandiyang'ana modabwa, mopanda njiru ngakhale pang'ono.

"Eya. Inu si wakuno kwenikweni."

Kimball anayamba kuyang'ana nsapato zake. Tchalitchi chomwe ndinabatizidwiramo chinkaoneka pazenera, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa ahediwo.

* * *

Kwa Odette ndinamusiya Kimball m'galimoto. Ndinalowera kukhitchini monga mwa mwambo, ngakhale dzanja linkafuna kugogoda.

Anali pachitofu, akuthira phala la ploye pachiwaya, zitumbuwa zathu zopyapyala zija zomwe sazitembenuza. Sanacheuke.

"Ndamva fungo la sopo wodula. Ndi a Connecticut amenewa."

"Odette, Lachisanu akukutenga."

"Anditenge. Kundende amaphika ena, ndikapumeko."

"Unali kuti Lamulungu?"

"Ku Misa. Iwe sunandione chifukwa umakhala kumbuyo ngati wodzaba makandulo."

"Itatha Misa?"

"Komwe ndinali."

Pabenchi ya pakona panali mapoto akuluakulu, otsukidwa kumene, onse omangidwa tinsalu tamitundumitundu pazigwiriro. Odette ndi wamasiye, amakhala yekha. Pakamwa pamodzi sipafuna mapoto otero. Koma sukulu ikatseka milungu itatu, ana odya chaulere aja sasiya mimba zawo m'kalasi.

"Umagawa supu m'makomo," ndinatero. "Tchula khomo limodzi lokha, akuchitire umboni, nkhani yatha."

Apo ndiye anatembenuka, chipande chili m'manja.

"Iwe Jeannine, mabuku ako aja anakudya ubongo eti? Ndipite ndi wapolisi pakhomo pa munthu, akanene pamaso pa ana ake kuti inde bwana, ife timadya za Odette? Ndimasiya poto pakhonde, ndimaliza hutala kamodzi, ndapita. Iwo sanandione, ine sindinawaone. Penshoni ndi ndalama chabe. Munthu ukamuvula pagulu sumuvekanso."

"Katoni unaitenga?"

"Ndikanaitenga ndikanaiwotchera pabwalo la tchalitchi belu likulira. Ine ndimabisa za ena. Zanga sindibisa."

Ndinamukhulupirira. Ndamvera mabodza moyo wanga wonse, ndipo bodza limabwera litavala bwino, lili ndi nthawi, lili ndi mboni. Za Odette zinali zopanda nsapato.

"Ndiye watsala ndani? Makiyi ndi atatu."

Anaseka kuseka kouma. Anayika ploye m'mbale n'kuikokera kumbali yake.

"Makiyi atatu! Mwana wa Léonide Corriveau akuwerenga makiyi mwezi wokumba. Unabadwira kuno iwe, kapena anakutola pabasi?"

Ndinali nditaiwaladi, ndipo manyazi ake ananditentha mpaka m'makutu. Sukulu ija ili ndi khomo lomwe silifuna kiyi.

"Ndipo umve," anatero Odette, akundiloza ndi chipande. "Ukauza kapolisi kakoko, ahedi akaikapo loko. Akaika loko, Januwale ubwere udzawerenge maliro, popeza umakonda kuwerenga."

* * *

Kuseri kwa sukulu, pansi pa zenera la kukhitchini, pali kachitseko kachitsulo kopendekeka kolowera m'chipinda chapansi. Kuyambira tsiku loyamba kukumba mpaka chipale chofewa chitasungunuka, kachitsekoko sikakhomedwa. Wokolola bwino amadzakhuthula mbatatesi m'menemo. Yemwe zamuthera amadzatapa. Lamulo lake ndi limodzi ndipo silinalembedwe paliponse: ukaona munthu pakachitsekoko, uyang'ane kumwamba ngati ukufuna mvula. Komabe diso ndi diso. Aliyense amadziwa kuti wolowa thumba lili paphewa ndi wopereka, wolowa chimanjamanja ndi wotapa.

Kimball ndinamupempha kuti andisiye ndekha mpaka mawa lake. Anavomera msanga, ngati munthu wotula mtolo.

Moyang'anizana ndi kuseri kwa sukuluko kumakhala a Hermel Cyr. Anagwira ntchito pamalire, pamlatho wolowera ku Canada, mpaka miyendo inawakana. Tsopano amakhala panjinga ya olumala pazenera, ndi magalasi oonera kutali omwe amati ndi a mbalame.

"Muli ndi katundu woti muonetse?" anandifunsa ndikulowa. Ndi moni wawo kwa aliyense.

"Funso limodzi lokha, a Cyr. Lamulungu pakachitseko paja panafika ndani?"

"Mbalame zinali zambiri Lamulungu. Atsekwe akupita kummwera, ngati inuyo kale."

"Otapa analipo?"

"Lamulungu masana? Anthu akuchokera ku Misa? Wotapa amabwera mkati mwa mlungu, mvula ikugwa, mwana wanga. Wopereka ndiye analipo mmodzi."

"Ndani?"

"Ndinkayang'ana kumwamba."

"Nanga thumba munaliona bwanji?"

"Thumba lilibe manyazi. Nkhope ndiyo sindiona." Anapukuta magalasi aja ndi malaya, osafulumira. "Anatuluka ndi katoni. Palibe chodabwitsa, opereka amatenga makatoni opanda kanthu okaikamo zina. Koma ine pamlatho ndaona makatoni ambiri, mayi. Yopanda kanthu munthu amainyamula ndi dzanja limodzi, akuimba likhweru. Iyi ankainyamula ngati khanda lodwala."

* * *

M'chipinda chapansi munali fungo la dothi lozizira lomwe ndinkaganiza kuti ndinalisiya kalekale. Ndinapeza a Ti-Paul Lagassé akusankha zowola. Ndi kankhalamba kafupi, koyankhula ngati wina akukathamangitsa.

"Ho! Dona a ku Connecticut m'dzenje la mbatatesi! Samalani nsapato, dothi lakuno silidziwa mtengo wake."

"Amayi ali bwanji kuchipatala?"

"Ayamba kutukwana manesi, ndiye kuti achira. Mwabwera kudzapereka kapena kudzatapa? Ndiyang'ane kumwamba?"

"Ndabwera kudzafunsa. Masitepe awa amafikabe kukhitchini?"

"Akanasamukira kuti? Chitseko cha pamwambacho chili ndi kachitsulo kokolera basi. Mwana amatsegula ndi mpeni wa buledi."

"Wapolisi munamuuza zimenezi?"

"Anandifunsa za makiyi, ndinamuyankha za makiyi. Ine ndi Mkatolika, dona, sindinama. Ndimangoyankha zomwe ndafunsidwa."

"Lolemba munapeza chachilendo muno?"

Anakanda mutu chipewa chili pomwepo.

"Chachilendo ayi. Chaulesi. Wina anabwera ndi thumba, m'malo mokhuthulira pamulu apo ngati munthu woleredwa, analikweza mpaka pamwamba pa masitepe n'kulisiya pachitseko. Ndinatsala pang'ono kuthyola khosi. Ilo lili apolo. Sindinalimasule, ndakwiya nalo."

Wopereka alibe chifukwa chokwerera masitepe. Uyu anakwera nalo thumba kuti akapezeka m'khitchini akhale ndi chonena, ndipo potsika manja anali atadzaza ndi katoni. Ndinagwada n'kumasula chingwe.

Sizinali mbatatesi zoyera zazikulu zija za m'minda yogulitsa. Zinali zazing'ono, zazitali, khungu lakuda mofiirira ngati diso lomenyedwa. Palibe amalima zimenezo zogulitsa. Mbewu yake anawoloka nayo mtsinje agogo athu aamuna, bambo ankabzala mizere iwiri kuseri kwa nyumba, ndipo m'chigwa chonsechi watsala munda umodzi wokha womwe zimamera.

A Ti-Paul anasuzumira m'thumbamo. Kenako pang'onopang'ono anakweza mutu n'kuyamba kuyang'ana kudenga, komwe kunalibe mvula iliyonse.

* * *

Achimwene anga a Armand amayendetsa basi ya ana asukulu. Akazi awo anamwalira, ndipo akulera mdzukulu, Mireille, mwana wa mwana wawo wamwamuna yemwe anapita kumadzulo kukagwira ntchito ku zitsime za mafuta. Lachinayi masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni. Basi yachikasu ija inali itaima pafupi ndi khola, ikudikira kuti sukulu itsegule.

Ndinaika mbatatesi imodzi pachitsa chomwe ankawazirapo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Lamulungu silinafike," anatero. "Kapena ku Connecticut amadya kwa eni ake tsiku lililonse?"

"Achimwene, katoni ili kuti?"

"Katoni yanji?"

"Akuba onse omwe ndinawagwirapo ankalowa chimanjamanja. Inu nokha ndi amene munapita kokaba mutasenza mphatso. Munaopa kuti a Cyr akuonani mukutsika opanda thumba n'kuganiza kuti Corriveau wayamba kutapa. Za m'munda mwa munthu wina simukanatenga, chifukwa kumeneko ndiye kuba. Munakumba zanu."

Anakhomera nkhwangwa pachitsa, pambali penipeni pa mbatatesi ija.

"Unaphunziradi, iwe."

"Lamulungu munachedwa kudzadya. Munati tayala linaphwa."

"Linaphwadi. Mwezi watha."

Anayenda kupita kubasi, ine pambuyo. Anatsegula chitseko, tinadutsa pakati pa mipando yopanda anthu mpaka wakumapeto. Pansi pake, itafundidwa jekete lawo la kutchalitchi, panali katoni. Maenvelopu onse anali chimatire.

"Sindinatsegule ngakhale imodzi," anatero. "Ndinkafuna yanga yokha. Ndafika, zonse zoyera, zofanana ngati mazira. Ndikanati ndizing'amba kuti ndipeze yanga, ndikanaona mayina a anthu omwe ndimawanyamulira ana m'mawa uliwonse. Ndikanawapatsa bwanji moni? Ndiye ndinanyamula zonse."

"Yanu?"

"Ya Mireille." Anakhala pampando wa ana, maondo atagunda mpando wakutsogolo. "Basi ikaima, malipiro amaima. Msana uwu pamakina okumbira sakuufunanso. Bambo ake chiimbireni foni pa Pasaka. Mwana ankapita kusukulu ndi buledi wopaka mafuta a nkhumba, n'kumauza anzake kuti ndi zomwe amakonda. Ahedi aja anakhala m'khitchini mwanga mpaka ndinasaina. Anati palibe wakuno adzaone."

"Ine n'kudzalengeza patebulo kuti ndikawerenga."

"Patebulo langa. Ukudya nkhuku yomwe ndinaphera iweyo." Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Bambo analera ana asanu ndi awiri osaika dzina pamzere uliwonse. Iwe unapita. Pamaliro awo unatumiza maluwa, okongola ndithu, anthu anawayamikira. Ine ndinatsala kusunga dzina. Ndiye ubwere ndi magalasi ako pamphuno, utsegule envelopu, uwerenge kuti Armand wakanika kudyetsa mwana mmodzi? Mlendo aone, akaiwala. Koma iwe?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndalama ndili nazo zosowa wodya nazo, kuti akanangondiuza. Ndinaluma lilime. Mawu amenewo ndi omwe anapitira kokaba kuti asawamve.

"Mawa akumutenga Odette," ndinatero.

"Sangamumange. Alibe umboni."

"Ali ndi kiyi, ali ndi pakamwa, ndipo sakunena komwe anali chifukwa Lamulungu ankasiya mapoto m'makonde a anthu. Walolera penshoni ipite kusiyana ndi kutchula khonde limodzi."

Achimwene anayang'ana pazenera la basi, kulunjika kukhonde kwawo, limodzi mwa makondewo. Ine ndinayang'ana kwina.

"Chotsamo yangayo," anatero, mawu ali pansi. "Zinazo ukapereke. Unene kuti wazitola m'ngalande."

"Sindingaidziwe osatsegula za anzanu. Ndipo ndikaichotsa, Mireille abwerera ku buledi wa mafuta uja. Katoni yotoledwa m'ngalande siimutsuka Odette, achimwene. Adzati anaitaya yekha atachita mantha, ndipo azidzamuloza mpaka kumanda."

"Basi ija andilanda."

"Mwina."

"Usandinyengerere ngati mwana. Andilanda." Anasisita nkhope ndi manja onse awiri, manja osweka ngati khungwa. "Za kachitseko sindinena. Akangodziwa aikapo loko. Ndinena kuti ndinasolola kiyi m'jekete la Ti-Paul n'kubwezamo. Ukandipereka pamenepo, usadzandiitanenso dzina."

Limenelo linali bodza lowonjezera mlandu, ndipo ine ndadya mkate wanga wonse pogwira mabodza. Ndinati sindinamve kanthu.

Anavala jekete lija, anamanga mabatani onse mpaka pakhosi, n'kunyamula katoni. Nditatambasula dzanja kuti ndigwireko anatembenuza phewa. Pagalimoto yanga sanakhale kutsogolo. Anatsegula chitseko chakumbuyo, katoni pamaondo.

"Tiyambire kwa Odette," anatero.

* * *

Ndinaima kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Achimwene anatsika, anakwera masitepe n'kukankha chitseko cha kukhitchini ndi phazi. Sananene kuti ndibwere. Sananenenso kuti nditsale. Ndinazimitsa injini.

Zonse ndinkazionera pazenera. Odette anayang'ana katoni, anayang'ana achimwene, kenako manja onse m'mwamba. Mawu ake ankaboola galasi.

"Chitsiru cha munthu! Nkhalamba yonseyi nzeru za nkhuku! Ukudziwa masiku omwe sindinagone, iwe galu?"

Iwo anangoima chiwerameni, katoni ili pachifuwa. Odette anatukwana bambo athu, anatukwana agogo athu ndi mbewu yawo, anatukwana ahedi, boma, ndi munthu yemwe anayambitsa envelopu. Chipande chinagunda tebulo kangapo. Kenako mawu anayamba kutsika mpaka sindinkawamvanso.

Anawalanda katoni ija n'kuiika pamwamba pa filiji. Anakoka mpando ndi phazi. Achimwene anakhala. Mbale inabwera patsogolo pawo, ploye imodzi, ina pamwamba pake, supu m'bakuli. Sanagwire supuni. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

Odette anabwera pazenera. Ndinagwira chotsegulira chitseko cha galimoto. Anandiyang'ana, osati mokwiya, ndipo anagwedeza mutu kamodzi, mwina kuthokoza. Kenako anakoka nsalu ya pazenera, monga amachitira kuno mwamuna akafuna kulira pakati pa anthu ake.

Ndinatulutsa foni n'kuimbira Kimball. Ndinamuuza kuti dzina la Mayi Bossé alichotse, katoni yapezeka yosatsegula, ndipo woitenga abwera nayo yekha akamaliza kudya.

"Akamaliza kudya?" anadabwa. "Mayi, muli kuti inuyo?"

Utsi unkatuluka pachumuni, mphepo n'kumaugwetsera pagalimoto yanga. Kutali m'minda makina okumbira ankangolira.

"Ndili panja," ndinatero.